Rauta Yofika Kuchipinda kwa Delfina

Chiperoni chinali chitagwira mudzi kuyambira m'mawa. Phiri la Tumbine silinkaoneka, ndipo kamvula kosamveka kugwa kwake kankangonyowetsa malata ndi nkhuni. A Basílio anakhala pakhonde la nyumba yawo atavala jekete, akusoka thumba la chimanga lomwe makoswe anaboola. Mkangano unali pambali pawo penipeni, koma singano yawo sinaime.

"Ndanena kuti mkazi wanga asamakhale pakhonde pano ngati wogulitsa mandasi," anatero Venâncio, mkamwini wawo, ataima pabwalo chisoti cha njinga yamoto chili m'manja. "Taonani uko. Taonani!"

Analoza kumpanda wa nkhadze. Kuseri kwake, pansi pa mtengo wa mango, anyamata angapo anali atausa mvula, aliyense mutu uli pa foni.

"Amenewo sakuyang'ana ine," anayankha Delfina, mwana wamkazi wa a Basílio, osatukula maso pa kope lake. "Akuonera mpira. Ine ndikanakhala mpira bwenzi ndikudziwa."

"Ukundiyankha pamaso pa bambo ako?"

"Mwandifunsa pamaso pa bambo anga."

Chimene chinkakokera anthu pamenepo chinali kabokosi koyera, kosaposa sopo wochapira, kolendewera pa msomali wa pazenera. Ena ankakatcha modemu, ena rauta. A Basílio ankangoti bokosi. Kankakoka intaneti m'mwamba n'kuigawira mafoni oyandikira. Chaka cha namondwe, nyumba zitagwa ndi milatho itakokoloka, mudzi wonse unauzira pa kabokosiko abale akutali kuti tili moyo, ndipo malemu Verónica, mkazi wa a Basílio, ankauza aliyense wobwera senya yake, mawu achinsinsi aja otsegulira. Senyayo inafalikira ngati nyimbo ya kutchalitchi. Tsopano nyumba zinamangidwanso, za njerwa zootcha, koma kabokosi kanali katatopa. Pabwalo mphamvu yake inkayenda mpaka kumpanda, koma khoma la nyumba ya Delfina, kuseri kwa nkhokwe, linkaikanika. N'chifukwa chake Delfina, yemwe ankaphunzira uphunzitsi kudzera pa foni, ankabwera pakhonde la bambo ake madzulo aliwonse kudzamvera aphunzitsi ake a ku Quelimane.

Venâncio anatembenukira kwa apongozi ake, mawu atawafewetsa.

"Bambo, ine ndaganiza. Tigule rauta yatsopano. Yamphamvu, ya nyanga, yofika mpaka kuchipinda kwathu, kuti mayi a Flávia aziwerengera m'nyumba ngati munthu wa pabanja. Ndipo ikhale yotseka, akuba mamega a intaneti awa aone msana wa njira. Ndalama ndipereka ine. Ndalankhula kale ndi Graça wa loja, sitolo ija ya pafupi ndi msika ku Milange. Inu mungopita ndi chiphaso chanu, poti simu ya m'bokosimo ili m'dzina lanu ndipo akufuna kuionanso."

A Basílio anadula ulusi ndi mano.

"Ndamva."

"Ndiye mupita liti?"

"Chiperoni chikatha."

"Chiperoni cha kuno chimatha, Bambo?" Venâncio anaseka yekha, navala chisoti. Anali ndi matumba a chimanga omudikira kumalire, oti akawoloke nawo ku Muloza. Njinga inalira, n'kuzimirira m'nkhungu.

Delfina anatseka kope.

"Simunanene kanthu, Bambo."

"Maganizo ake si oipa. Pano pakuzizira."

Mwanayo anawayang'ana nthawi yaitali, maso ngati a mayi ake.

"Chetechete sautsa nyama," anatero motsitsa, n'kutsegulanso kope.

A Basílio sanamvetse nyama imene ankanena. Anatenga thumba lina n'kuyamba kusoka.

Dzuwa linaonekera Lachinayi. A Basílio anapalasa njinga yawo kulowera ku Milange, akupatukira anyamata osenza matumba pa njinga zopindika ndi kulemera. Loja ya Graça inali kachipinda kopapatiza pakati pa wogulitsa nsapato za kaunjika ndi wokonza mawailesi. Graça mwiniwake anali mayi wojintcha, wolankhula zinenero zitatu mpweya umodzi. Anawalonjera m'Chilomwe, anafunsa za kumudzi m'Chinyanja, n'kukalipira wina wotseka khomo m'Chipwitikizi.

"Ndinu apongozi a Venâncio? Khalani apa, titio, malume anga. Katundu wanu ndinasunga kale." Anatsitsa phukusi pashelefu n'kulitsegula monyadira. "Iyi si rauta wamba. Taonani nyanga zake. Khoma la njerwa imaliboola ngati chiswe. Ndiponso simasochera. Kuno kumalire mafoni amathamangira netiweki ya ku Malawi ngati mbuzi yoona chimanga cha eni, koma iyi mukaiuza kuti khala kwanu, imakhala."

"Yotseka?"

"Makiyi awiri, titio. Senya yoyamba ndi ya pakhomo, mumapatsa amene mwamulola kulowa. Yachiwiri ndi ya mwini. Amene ali ndi ya mwini amaona pa foni yake kuti walowa ndani, walowa nthawi yanji, watuluka nthawi yanji. Akafuna amatseka foni imodzi yokha, ena onse n'kumapitiriza. Ngakhale iye ali ku Limbe! Apa ndi pamene mkamwini wanu anakondwera napo. Anandifunsa mobwerezabwereza mpaka ndinachita kumusonyeza."

"Foni imodzi."

"Imodzi yokha. Akuti mwana wake wanyanya kuonera makatuni."

A Basílio anayang'ana nyanga zakuda zija. Mdzukulu wawo Flávia anali asanayambe n'komwe sukulu. Chidole chake chinali chitsononkho chovekedwa kansanza, ndipo foni anali asanaigwirepo.

"Ndikukulungireni?"

"Ayi."

"Yadula? Tikambirana, titio, pano si pa boma."

"Ndibweranso."

Anapeza Delfina kuseri kwa nyumba yake akusankha nyemba m'lichero. Anaimika njinga, nakhala pa mtondo wogonekedwa pansi. Nkhuku zinazungulira kudikira nyemba zofumbwa.

"Foni yako," anatero. "Ukakhala kumunda imalira?"

Manja a Delfina anaima.

"Bwanji mukufunsa?"

"Ndafunsa."

Delfina anapukuta manja pa chitenje, anatulutsa foni, n'kuitsegula m'mbali ndi kaphini ka kumutu. Anaonetsa bambo ake kamalo ka simu. Munalibe kanthu.

"Anaichotsa sabata ya Pasaka. Akuti aphunzitsi aamuna amanditumizira mauthenga. Amatumizadi, Bambo, amatumizira kalasi yonse, ndi masisitere omwe. Ndinagula ina mobisa. Anaipeza m'chitini cha mchere, anakaiponya m'chimbudzi ine ndikuona. Chatsala ndi bokosi lanu lija. Pakhonde panu sangandikoke, amakuchitirani manyazi. Mumayesa ndimakonda kuzizidwa?"

"Sunandiuze."

"Ndikanakuuzani mukanati chiyani? 'Ndamva.'"

Mawuwo anawalasa, koma sanawatsutse. Anathamangitsa nkhuku ndi phazi.

"Wakumenyapo?"

"Ayi. Iye samenya. Amangotseka."

A Basílio anamuuza mwachidule za rauta yotseka foni imodzi, kenako anafunsa, "Mayeso ali liti?"

"Kumapeto kwa mwezi uno. Amatsegula pa nthawi yake n'kutseka pa nthawi yake. Ukapanda kulowa, chaka chonse chalowa m'madzi. Tsikulo akulidziwa. Anachita kundifunsa yekha, n'kukonza ulendo wa ku Limbe sabata yomweyo. Adzanditsekera ali kutali, pobwera adzati, pepa mkazi wanga, netiweki ya kuno ndi yovuta. Ndani adzamutsutse?" Anapeta nyemba kamodzi, mwamphamvu. "Amayi akanakhalapo..."

Sanamalize. A Basílio anadzuka n'kukalowetsa njinga m'nyumba.

Kumeneko mwana ndi wa kuchikazi. Bambo amabereka, amalera, koma nkhani za banja la mwana wake saweruza. Zimenezo ndi za nkhoswe, ndipo nkhoswe ya Delfina anali atsibweni ake, a Mikayeli, mlongo wa malemu Verónica. A Basílio anatsata mwambo. M'mawa mwake anapita kwa alamu awowo, nawapeza atakhala padzuwa akumvera wailesi, atavala majombo atsopano ngakhale pansi panali pouma. Majombowo anachokera ku Limbe, ndipo mudzi wonse unkadziwa amene anawabweretsa.

Anafotokoza mwachidule: simu, chimbudzi, bokosi lotseka foni imodzi, mayeso. A Mikayeli anatsitsa wailesi pang'ono chabe.

"Alamu, za m'nyumba ya eni sitiyanika pabwalo. Mwamuna akamalondera mkazi wake ndiye kuti amamukonda. Galu wamkota sakandira pachabe. Ngati mnyamata uja wachotsa simu, pali chimene anaona. Ndiponso sukulu ya pa foni ndi sukulu yanji? Mkazi wokwatiwa, wa mwana, n'kumaseka ndi aphunzitsi madzulo anthu akuona? Mapanga awiri avumbwitsa. Asankhe chimodzi, banja kapena makope. Mwamuna ngati Venâncio sapezeka pamsewu. Samwa, samenya, mchere m'nyumba susowa. Akazi angati m'mudzi muno angalire kuti awachotsere simu n'kuwapatsa mwamuna wotero?"

"Anamulembetsa sukuluyo ndi mlongo wanu."

"Mlongo wanga anagona." A Mikayeli anazimitsa wailesi. "Ndipo poti mwamutchula nokha, ndinene. Chiliza chake tikumanga mwezi wamawa. Abale akhala akundifunsa kuti alamu anuwa muwasudzula liti. Ine ndimati asiyeni, ndi munthu wamkulu, kwawo kunapsa ndi nkhondo, apita kuti? Ndakhala ndikukutchingirani mphepo, alamu. Koma mkamwini asamakule mwendo. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Pitani mukagule chimene mnyamata uja wasankha, tikhale mwamtendere."

"Ndamva," anatero a Basílio, ndipo mawuwo anawawawa m'kamwa.

Kusudzula ndi kumasula mwamuna woferedwa kuti abwerere kwawo. Amakuthokoza, amakupatsa khasu ndi zovala zako, n'kukuperekeza mpaka panjira. Pobwerera kunyumba a Basílio anaima pamphambano n'kuyang'ana denga lawo. Nyumba imeneyo anaimanga kawiri. Koyamba pamene iwo ndi Verónica anachoka kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi n'kupeza malo a mayi ake a Verónica atasanduka tchire. Kachiwiri namondwe atapita, akuumba njerwa ndi msana wokalamba. Kwawo ku Mongue kunatsala mitengo ya mango ndi manda.

Masiku anapita. Delfina ankabwerabe pakhonde, anyamata ankabwerabe kumpanda. Venâncio atabwerako ku Muloza anafika ndi nkhope yomwetulira ndi paketi ya shuga.

"Bambo, Graça akuti munabwerera chimanjamanja."

"Ndikuganizabe."

"Palibe choganiza, ndinasankha kale. Landirani, mwina tsiku lija munachita manyazi kutenga musanalipire." Anatambasula dzanja muli ndalama zopindidwa.

"Sungani."

"Ndiye mupita liti?"

"Ndipita."

Amati kukana nsalu ya akulu n'kuviika. A Basílio anaviika ya mwana. Anaviika Lolemba, anaviika Lachiwiri, mpaka Venâncio anayamba kuwalonjera ndi mphuno. Usiku sankagona bwino, koma masana palibe anaona kusiyana. Anakonza chitseko cha khola, anaphwanya nkhuni zambiri kuposa zimene munthu mmodzi angasonkhe, anasewera ndi Flávia. Lachisanu m'mamawa anamanga chingwe tonde wawo wamkulu, amene ankamusungira tsiku la chiliza, namukweza pa njinga. Pofika masana tonde anali wa munthu wina, ndipo iwo anali pa mpando wa mu loja ya Graça.

"Mwabwera kudzatenga mfumu ija?"

"Ina."

"Yotani?"

"Yofika kuseri kwa khoma. Yosamvera munthu wakutali."

Graça anasiya kupukuta shelefu. Anawayang'ana, kenako anakoka kreti ya zakumwa n'kukhalapo.

"Mwanayo saonera makatuni, eti?"

"Saonera."

"Hmm. Titio, mukanadziwa amuna angati abwera pano kudzafunsa chinthu chomwecho. Ena amati ndi za ana. Ena sabisa n'komwe, amati ndikufuna kudziwa zimene madamu amachita ndikachokapo. Ine ndimagulitsa, ndili ndi ana oti adye. Ndikawafunsa, apita kwa wina." Anausa moyo, nadzuka, n'kuyala marauta atatu patebulo. Yoyamba anaikankhira pambali. "Kameneka n'kam'thumba ngati kanu kaja, kongofika pamphuno. Iyi ndi ija mukuidziwa. Koma iyi, ya nyanga ziwiri, si yonyada. Ilibe zoilamula uli kutali. Wofuna kusintha kanthu ayenera kukhala nayo pafupi, ndiponso adziwe senya ya mwini. Khoma limodzi iboola, bola muiike pamwamba, pafupi ndi zenera, osati pansi kapena kuseri kwa malata. Makoma awiri ndiye sindilonjeza."

"Khoma ndi limodzi."

"Magetsi ndi a sola?"

"A sola."

"Siidya kwambiri, batire lanu likwanitsa. Tsono tamverani. Senya yalembedwa kumbuyoyi musaisiye, aliyense wodziwa kuwerenga aiwerenga. Isinthidwe tsiku lomwelo, zonse ziwiri. Osaika dzina la mwana, osaika dzina la mudzi, anyamata a masiku ano amalota zimenezo ali m'maso. Ndikuikireni ine?"

"Ayi. Aika mwini wake."

Graça anagwedeza mutu pang'onopang'ono, akukulunga phukusi m'pepala la pulasitiki.

"Koma ndikuuzeni zoona, titio, ndisakudyereni ndalama. Palibe rauta yotchinga munthu wa m'nyumba momwemo. Wakunja imatchinga. Wam'nyumba akhoza kungoizula pa waya."

"Ndikudziwa."

"Nanga mukuguliranji?"

"Kuti aizule anthu akuona."

Lamlungu, Misa itatha, a Basílio anaima pakhomo la tchalitchi n'kupempha a Mikayeli kuti adzere kwawo masana. Kunja kunali kowala, kamphepo kakuwomba kuchokera kuphiri. Anatulutsa mipando pakhonde. A Mikayeli anakhala pa wabwino, Venâncio pa benchi, Delfina pamphasa. Flávia anali atagona m'nyumba. Kumpanda anyamata anali pamalo awo.

A Basílio analowa m'nyumba, natuluka ndi phukusi, n'kuliika pamphasa, patsogolo pa Delfina.

"Eee, potsiriza!" Venâncio anawerama kuti alitenge, koma Delfina anali atalitsegula kale. Nkhope ya mwamunayo inasintha. "Iyi si imene ndinasankha."

"Si imeneyo."

"Graça wakupusitsani, Bambo. Iyi ndi yotchipa. Mawa ndikaibweza."

"Ndasankha ndekha." Anayang'ana mwana wawo. "Ika. Makiyi ndi awiri. Usandiuze."

Delfina anayang'ana bambo ake, anayang'ana atsibweni ake. Kenako anadzuka, anachotsa kabokosi kakale pa msomali, anasamutsira simu mu chatsopanocho, n'kulumikiza waya wochokera ku batire. Timagetsi tobiriwira tinayaka. A Basílio anakwera pa mpando n'kuiika rauta pa thabwa lomwe anakhomera dzulo lake pamwamba pa zenera. Delfina atayamba kulemba pa foni, iwo anatembenuka n'kumayang'ana kumunda mpaka anamaliza.

Kumpanda mpira unaima. Anyamata aja anatukula mitu koyamba, nayandikira ku nkhadze kuti aone chachitika.

Delfina anayenda kudutsa pabwalo, kuzungulira nkhokwe, n'kulowa m'nyumba mwake. Patapita kanthawi mawu ake anamveka pazenera la kuchipinda.

"Yafika, Bambo! Mpaka pabedi!"

Atabwerera, Venâncio anali atatulutsa kale foni yake.

"Senya."

Delfina anatenga foniyo, nalemba, n'kumubwezera.

"Mwalowa. Imeneyo ndi ya pakhomo."

"Ndipatsenso ya mwini."

"Imeneyo ayi."

"Wati chiyani?"

"Ndati ayi, bambo a Flávia. Intaneti muli nayo, yokwana kuonera mitengo ya chimanga mpaka kutopa. Ya mwini mukufuna muchite nayo chiyani?"

"Atsibweni, mukumva?" Venâncio anatembenukira kwa a Mikayeli. "Ine ndimagona pamatumba kumalire, ndimanyowa, ndimakangana ndi asilikali a mbali zonse ziwiri, kuti nyumba iyi idye. Lero ndikhale mlendo wopempha kiyi kwa mkazi wanga? Akubisa chiyani? Munthu wopanda chobisa sakaniza kiyi. Mawa akakhala mphunzitsi, boma likamutumiza ku Mocuba, ine ndidzakhala ndani? Wonyamula chikwama?"

Pamenepo a Basílio anamuyang'ana mkamwini wawo bwinobwino, ndipo anaona mantha. Anamumvera chisoni pang'ono, koma sanasunthe.

"Alamu," anatero a Mikayeli, "ndinakuuzani chiyani ine? Ndipo ngati ndalama za mnyamatayu munakana, mwagulira chiyani chinthuchi?"

"Tonde."

"Tonde uti? Wa chiliza cha mlongo wanga?"

"Tonde wanga."

"Tamverani anthu inu! Anthu adzadye chiyani pa manda? Mawaya? Mwaiwala kuti pano ndinu mlendo?"

"Sindinaiwale."

A Basílio anaimirira. Sanakweze mawu, koma anamveka mpaka kumpanda, poti anthu sanazolowere kuwamva.

"Ndine mlendo. Uyunso ndi mlendo. Tonse tinabwera ndi khasu. Malo ano ndi a uyu." Analoza Delfina. "Mwambo ndi wanu, alamu, si ine ndinaupanga. Mwini malo anamuchotsera simu. Ina anamuponyera m'chimbudzi. Tsopano amafuna amutsekere mayeso ali ku Limbe. Ndinabwera kwa inu. Munandiuza za mame."

Anakhalanso pansi. Chiyambire maliro a mkazi wawo anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotero.

Kumpanda munthu wina anati, "M'chimbudzi?" ndipo wina anamukhalitsa chete. Amayi awiri ochokera kumjigo anali ataima panjira, zidebe zili pamutu.

Venâncio anadumphira pazenera n'kugwira waya wa rauta. Delfina sanadzuke pamphasa.

"Zulani, bambo a Flávia," anatero modekha. "Koma muzule pano, masana ano, atsibweni akuona, amayi ali panjirawo akuona. Aliyense adziwe kuti si netiweki. Mukazula, tsiku la mayeso ndikwera njinga ya bambo kukalembera ku Milange, pakhomo la loja, pagulu la amuna onse a mumsika. Sankhani."

Dzanja la Venâncio linakhala pa waya. Anayang'ana kumpanda, anayang'ana kunjira, anayang'ana a Mikayeli, omwe anali akuyang'ana majombo awo. Kenako anausiya wayawo ngati wamutentha. Anatsika pakhonde, anakankha njinga yake yamoto, nailiza kangapo isanayake.

"Musandiyembekezere," anatero osayang'ana munthu, n'kulowera njira ya kumalire.

Fumbi litakhazikika, a Mikayeli anadzuka n'kukonza jekete lawo.

"Mwapasula banja la mwana, alamu. Nkhuyu zodya ana zipota akulu, koma lero zadyedwa ndi wamkulu. Chabwino. Chiliza tikumanga mwezi wamawa, ndi tonde kapena popanda tonde. Tsiku lomwelo tikusudzulani. Ndipo chilichonse chimene tidzachipeze m'nyumba ya mlongo wanga, abale adzagawana. Mipando, batire, sola ili padengayo, ndi chinthu chanu cha nyangacho. Tione kuti chidzayakira chiyani."

"Atsibweni," anayamba Delfina.

"Iwe khala chete. Udzandifuna."

Anachoka, majombo akulira panjira youma. Amayi a zidebe anapitiriza ulendo wawo. Anyamata anabalalika mmodzimmodzi, mafoni ali m'matumba.

Pakhonde panatsala awiri. Delfina anapinda manja ake. Anawabisa m'chitenje.

"Mupita kuti, Bambo?"

"Ku Mongue kuli dothi."

"Kulibe munthu kumeneko. Ndikanangopirira. Chaka chimodzi si kanthu, ndikanadzalemba china."

"Chaka chinacho akanatsekanso."

"Ndikawapepese atsibweni. Mwina mtima ukatsika asintha. Ndipita ndi amayi aang'ono, iwo amawamvera."

"Upite mayeso akatha."

Delfina anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Anayang'ana njira ya kumalire.

"Abweranso, mukuganiza?"

"Kaya."

"Akabwera ndimulandira. Koma simu yanga agule."

"Umuuze wekha."

"Ndimuuza."

M'nyumba Flávia anadzuka n'kuyamba kuitana mayi ake. Delfina anamutenga, namubereka, n'kutola makope ake pamphasa. Anaima pang'ono ngati akufuna kunena kanthu kena.

"Kawerenge," anatero a Basílio.

Anamuyang'ana akuzungulira nkhokwe mpaka chitseko chake chinatsekeka. Dzuwa linali likadalipo, lokwanira ntchito imodzi. Anatenga sipanala m'chitini cha misomali, anatsamiritsa makwerero pakhoma, anakwera padenga, n'kuyamba kumasula sola kuti akaimange pa nyumba ya Delfina, isadzapezeke pogawana katundu.